Ndevu za apongozi anga

Azakhali a Ghislaine anayamba kujambula filimu atapitirira zaka makumi asanu, ndipo pabanja pathu palibe amene anawaombera m'manja. Ndi azakhali a mwamuna wanga, mlongo wawo wa apongozi anga a Régis. Amayendetsa basi muno mumzinda wa Dunkerque, ndipo aliyense amene anayesapo kukwera basi yawo ali ndi tchipisi m'manja amawadziwa bwino pakamwa pawo. Kamera anaigula yakale kwa bambo wina wojambula maukwati amene anatopa nayo ntchitoyo. Kagwiritsidwe kake anaphunzira pa foni nthawi yopuma, basi itaima kumapeto kwa msewu, buledi kudzanja linalo.

Poyamba ankalakwitsa chilichonse. Mitu ya anthu inkaduka pamwamba. Tsiku lina anajambula m'mawa wonse, pofika kunyumba n'kupeza anthu akungotsegula pakamwa ngati nsomba, mawu palibe. Atatukwana mokwanira anamangirira maikolofoni kumtengo wa tsache n'kundipatsa ine.

"Noémie, iwe sulankhula, ndiye kuti umamva. Gwira ichi, vala izi m'makutu. Ukamva chachilendo undiuze."

Ndinachita manyazi kukana. Mwana wanga Lison anali asanayambe kukwawa, choncho ndinkapita naye n'kumugoneka m'chipinda china.

Nkhani ya filimuyo aliyense pabanja ankaidziwa, kungoti sinkatchulidwa. Ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, azakhali anatenga mimba. Bambo awo, munthu wogwira ntchito padoko, atamva anatuluka m'khitchini n'kumenyetsa chitseko. Pobwerera anali ndi sutikesi yoti mwanayo achoke nayo pakhomo. Anamwalira patapita zaka zambiri asanalankhulenso ndi mwana wawoyo. Mufilimu zonse zinali chimodzimodzi kupatula mapeto. Mmenemo bamboyo amabwerera chimanjamanja, n'kukhala pampando, n'kunena kuti, "Khala, mwana wanga. Ndalakwa." Chimene azakhali anagulira kamera ndi mawu amenewa basi.

Wosewera mbali ya mtsikanayo anali Maëlys, mwana wa dalaivala mnzawo. Wosewera mbali ya bamboyo anali a Régis, chifukwa anatengera nkhope ya bambo awo ndi ndevu zomwe, zotuwa, zofika pachifuwa. Anavomera akuseka.

"Ndikatchuka usadzandilondole, iwe. Ndidzakhala ndi anthu ondiyendetsa, osati basi yako ija."

"Mungoyamba mwaloweza mawu anu, achimwene. Ndi ochepa kuposa amene mumanena poitanitsa mowa."

Tinkajambula m'nyumba yeniyeni imene anakuliramo, pansanjika yachinayi. Chinyumba chonsecho chinali choti chigwetsedwe, anthu anali atasamuka kale, magetsi atadulidwa. A ofesi ya nyumba anawabwereka makiyi mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Kuwala kwathu kunali kwa pazenera, ndiye tinkangojambula Lamlungu m'mawa, tsiku limene azakhali sagwira ntchito. Kunkazizira moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa, ndipo zala zanga zinkauma pamtengo wa tsache.

Chinthu chimene azakhali anachiphunzira movutika n'chakuti filimu siijambulidwa mwandondomeko yake. Munthu atuluka pakhomo mu Disembala, n'kudzalowanso mu Febuluwale, koma woonera ayenera kukhulupirira kuti wangotembenuka. Choncho zonse ziyenera kukhala mmene zinalili. Khofi afike pomwe anafika m'kapu, juzi ikhale yomweyo, mkono wopindidwa ukhale womwewo. Maëlys analetsedwa kudula tsitsi. Kwa a Régis ananena pamaso pa tonse:

"Ndevu izi si zanu mpaka titamaliza. Ndi zanga. Musazikhudze."

"Ndiye uzibwera kudzazipesa."

Mbali yomenyetsa chitseko a Régis anaisewera bwino kwambiri, mpaka Maëlys analira zenizeni. Koma tikati tifike pa mapeto, chinachake chinkachitika. Sabata ina chimfine. Sabata ina aiwala mawu. Sabata inanso akangofika pa "mwana wanga" n'kuphulika kuseka, kenako dzuwa lasuntha, kuwala kwatha. Azakhali ankangoluma mano n'kupinda miyendo ya kamera.

Maikolofoni samasankha. Tsiku lina tikuyeserera, apongozi atatembenukira kukhoma, ndinawamva m'makutu mwanga akung'ung'udza kuti, "Bodza lokhalokha." Potsika masitepe ndinalimba mtima n'kuwauza azakhali.

"Ndikudziwa kuti ndi bodza," anatero. "N'chifukwa chake ndikulijambula. Zoonazo ndinaziona kale."

Lamlungu lomaliza tisanabweze makiyi linagwera pa kanivalo, chikondwerero cha mzinda chimene anthu amavina m'misewu atavala zachilendo. Azakhali anawachonderera alongo awo sabata yonse kuti angowapatsa m'mawa wokha, masana apite akavine, akalimbirane nsomba zoponyedwa kuchokera pakhonde la holo ya mzinda monga amachitira chaka chilichonse. Iwo anati palibe vuto.

M'mawa umenewo tinakonza khitchini. Khofi m'kapu, mpando pamalo pake, Maëlys pafupi ndi sinki. Kutali ng'oma zinali zitayamba. Kenako tinamva nsapato pamasitepe ndi munthu akuimba.

Analowa atavala chikhothi cha ubweya cha malemu akazi awo, siketi yofiira, chipewa chodzaza maluwa apulasitiki, kaambulera kakang'ono pamwamba pa ndodo yaitali. Zimenezo sizinatidabwitse, amuna onse amavala choncho pa kanivalo, ndipo juzi ya filimu inali m'thumba mwawo. Koma chibwano chinali mbee, chosalala ngati bondo la Lison, masaya opakidwa zofiira.

Azakhali anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka diso la kamera ndi chivindikiro chake, pang'onopang'ono.

"Zili kuti?"

"Zili kuti chiyani?"

"Musandiyese mwana, achimwene. Ndevu zanga zili kuti?"

"Gulu lathu chaka chino tagwirizana kuti tonse timete. Utoto sugwira pa ndevu. Ukufuna anzanga andiseke?"

"Zaka zonsezi mwavina ndi ndevu, utoto unkagwira pati?"

"Zimera, iwe. Ndevu si mwendo."

"Zimera pofika mawa? Makiyi ndikubweza mawa. Munthu watuluka pakhomo ili ndi ndevu mpaka apa, alowanso ngati khanda lobatizidwa? Anthu aziti anapita kukameta ali pakhonde?"

A Régis anaseka, natola lumo pawindo n'kudula kachidutswa ka ubweya kukolala ya chikhothi, n'kukagwira pachibwano. "Nazi. Noémie, mwana wanga, uli ndi guluu?"

Palibe anaseka. Ine magazi anali kuwira. Ndinakumbukira miyezi yonse ija ya chisanu, Lison akutsokomola m'chipinda chopanda moto, azakhali akunyamula zitsulo masitepe onse aja ndi msana wawo wowawa. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kuima pamenepo ndi ubweya wa chikhothi cha mkazi wake pachibwano.

"Mwachita dala," anatero azakhali.

"Dala chiyani?"

"Chimfine chija, kuseka kuja. Mukanangonena kuti simukufuna, ndikanapeza munthu wina mu Disembala. Padoko pali nkhalamba zandevu zambirimbiri zongokhala. Koma ayi, mwadikira tsiku lomaliza."

Apongozi anaponya ubweya uja pansi. Kumwetulira kunali kutatha, ndipo ndi utoto uja nkhope inkaoneka yoopsa.

"Chabwino. Sindinganene zimenezija. Bambo sanapepesepo munthu chibadwire. Ukufuna ndivale nkhope yawo, ndikhale pampando wawo, ndiwanamizire ali m'manda? Anthu a m'dera lino ankawadziwa. Adzati Régis wasandutsa bambo ake chidole."

"Mukuwopa anthu. Mpaka lero mukuwopa anthu."

"Ndikulemekeza akufa."

"Amoyo bwanji? Tsiku lija munali pati, achimwene? Muuzeni mpongozi wanuyu, amve. Sutikesi ija anatsitsa masitepe ndani?"

A Régis anayang'ana kumbali, azakhali n'kudziyankha okha.

"Inu. Munali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mikono ngati ya ng'ombe. Munaitula pamsewu n'kundiuza kuti ndisalire mokweza, anthu akuona. Sindinakupempheni kanthu zaka zonsezi. Sindinakupempheni kuti mupepese inuyo. Ndinakulemberani mawu anayi a munthu wina, oti mungowatchula kamera ikuona, ndipo ngakhale amenewo akukanikani pakhosi."

Lison anadzuka m'chipinda china n'kuyamba kulira. Sindinasunthe. A Régis anatola ambulera yawo, inakodwa pamwamba pa chitseko, anaikoka mwaukali mpaka inathyoka nthiti imodzi, n'kutsika. Sanaimbenso.

Maëlys anafunsa motsitsa mawu ngati azivala jekete azipita. Azakhali anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja n'kuyang'ana pazenera. Kuwala kunali kudakalipo.

"Ima pomwe unali. Noémie, kamutonthoze mwanayo, ubwere msanga."

Nditabwerera anali atatembenuza kamera. Mbali imodzi ya chithunzi kunali Maëlys, mbali inayo chitseko chotseka.

"Ndinene chiyani?" anafunsa Maëlys.

"Palibe. Yang'ana chitsekocho. Udikire kuti abwere."

"Mpaka liti?"

"Mpaka nditakuuza."

Tinayamba. M'makutu mwanga munadzaza ng'oma ndi malipenga a kanivalo, akuyandikira m'msewu wa pansi. Ndinakweza dzanja kuwadziwitsa kuti phokoso likulowa, monga anandiphunzitsira. Anapukusa mutu kuti ndizisiye. Mtsikanayo anaima, anayang'ana, anameza malovu, anagwira mphepete mwa sinki. Azakhali sananene kuti basi. Mikono yanga inatopa ndi mtengo wa tsache, iwo diso lili pa kamera, nsagwada zitalimba, mpaka batire linatha lokha.

Mawa lake anabweza makiyi. Miyezi iwiri yotsatira anaithera pa kompyuta ya mwamuna wanga, kudula ndi kulumikiza, kutukwana makinawo akaima. Filimu inatuluka yaifupi. Bambo amamenyetsa chitseko, mtsikana amadikira, kunja anthu akusangalala, kenako mdima. Tinaionetsa mu holo yaing'ono ya m'dera lathu, pa nsalu yoyera ya pabedi. Anabwera madalaivala anzawo ndi anthu ena amene kale ankakhala m'chinyumba chija. Itatha, mayi wina wokalamba anafunsa mokweza kuti, "Ndiye sabweranso?" Azakhali anayankha ali chokhala kuti, "Sabwera."

Apongozi sanafike tsiku limenelo. Anabwera kwathu Lamlungu lina mu Meyi, azakhali ali pathebulo akudyetsa Lison phala. Ndevu zinali zitamera, zazifupi koma zokwanira. Anaima pakhomo la khitchini akuzisisita, juzi ija ataivala ngakhale kunali kotentha.

"Ghislaine. Zabwerera. Ngati ukufunabe, tingajambule."

"Kuti? Nyumba ija ndi mulu wa njerwa."

"Khitchini ndi khitchini. Ngakhale ino."

Azakhali anapukuta Lison pakamwa ndi supuni, osatembenuka.

"Filimu inatha, achimwene. Anthu anaionera. Ngati muli ndi mawu, kamera ilibe ntchito. Mpando uwo."

A Régis anayang'ana mpandowo. Anayang'ana ine, ngati ndingawathandize, ine n'kuyang'ana pansi. Anakanda ndevu zija, anafunsa ngati mwana wawo, mwamuna wangayo, ali kugalaja, n'kutuluka kukamufuna.

Azakhali anatunganso phala. Anamupatsa Lison.

"Noémie, Lamlungu likubwerali uli ndi chochita? Ndayamba ina. Ya madalaivala. Mulibe wachibale ngakhale mmodzi."