Tinamulanga Ngati Akupita ku Banja

Uthenga unandipeza ndili kusikimu ya ulimi wothirira ku Bwanje, matope mpaka m'mawondo, ndikuzula udzu mumpunga. Ndinangoona bambo a kunyumba akubwera panjinga m'mphepete mwa ngalande, belu ali ngiringiri, foni ili m'mwamba.

"Amayi ake, tulukani m'madzimo! Mayina atuluka! Mwana wasankhidwa!"

Aphunzitsi ake ndiwo anali atawaimbira. Mwana wathu woyamba, mtsikana, anali atasankhidwa kupita kuyunivesite ku Blantyre. Ndinaponya udzu uja kumwamba n'kuimba nthungululu mpaka mbalame zonse zinauluka mumpunga. Azimayi a m'minda yoyandikana anabwera akuthamanga poganiza kuti ndalumidwa ndi njoka, ndipo atamva nkhani yake tinavina m'matope momwemo. Patapata wanga ndinamusiya kumunda, ndinakamukumbukira nditafika kale kunyumba.

Kumtundu kwathu konse panalibe amene anapondako kukoleji. Ineyo ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ndinalumbira kuti mwana wanga yekha sadzalekeza panjira. Zaka zinayi zonse za kusekondale ndinamusunga ngati dzira. Sukulu yake inali yoyendera, ndiye akaweruka ankangofikira pabuku. Kuchigayo ndinkapita ndine, kumsika ku Golomoti ndine, kumjigo ndine. Wina akati amutume ndinkamukalipira kuti mwanayo akuwerenga. Ndinkanyadira kwambiri kuleraku, ndipo amene ankandinena kuti ndikumusasatitsa ndinkawatenga ngati ansanje.

Chisangalalo chitatsikako, ndinayamba kuganiza zomukonzekeretsa. Chikwama tinagula, bulangete, ndowa, zitenje ziwiri zatsopano. Koma chachikulu chinali chisanachitike. Kwathu kuno mtsikana sachoka pakhomo pa makolo ake asanalangidwe. Ine pokwatiwa anandikhazika pamphasa ntchembere n'kundiuza za moyo wa kumene ndinkapita, ndipo njira ina yotsanzikira mwana wamkazi sindinkaidziwa. Choncho ndinaitana azakhali ake a ku Mtakataka, ndi azimayi awiri akuluakulu amene ndimapemphera nawo ku Mua. Ndinafulula thobwa, ndinapha nkhuku, ndipo Loweruka masana tinathamangitsa amuna onse n'kutseka chitseko.

Mwana anakhala pakati, miyendo atatambasula, mutu uli pansi monga mwa mwambo. Azakhali ndiwo anayamba, poti pakamwa pawo sipachedwa kutentha.

"Iwe, tamvera. Mwamuna wa m'tauni akakumwetulira, iwe maso pansi. Akakugulira chakumwa, dziwa kuti si chaulere. Ndipo usadzatibwerere kuno utavala buluku ngati uja wa njinga yamoto wa kusikimu, wamva?"

Tonse tinavomera kuti eee. Mayi wachiwiri analankhula za kugwada popereka madzi kwa akulu, ndi za mphika kuti usamagone wosatsuka. Wachitatu anayamba bwinobwino ndi za mapemphero, koma atamwa thobwa kapu yachiwiri anasochera n'kuyamba kufotokoza za kalandiridwe ka apongozi. Palibe amene anamubweza, chifukwa tonse tinali m'njira imene tinaizolowera. Ine ndinkangogwedeza mutu, mtima uli mbee, ndikudziuza kuti mwana wanga akuchoka atakhuta malangizo.

Dzuwa litapendeka azakhali anafunsa komaliza kuti, "Wamva zonse?" Apa mtsikana amayenera kuwomba m'manja n'kungoti ndamva. Wanga anawombadi m'manja, koma kenako anadzutsa mutu.

"Ndamva, azakhali. Koma ndifunseko. Kalata ikuti ndilembetse dzina pa intaneti ndisanafike, ndiye ndilembetsa bwanji? Ndikatsika basi ku Blantyre ndikalowera kuti? Nanga malo ogona a pasukulu akakhala kuti adzaza, ndikagona kuti?"

Azakhali anamasula duku n'kulimanganso. Mayi wa za apongozi uja anayang'ana m'kapu yake. Ine ndinkayembekeza kuti wina ayankha, ndipo onsewo ankayembekeza ine. Pomaliza azakhali anatsokomola n'kunena kuti, "Zimenezo Mulungu akakutsogolera." Tinatseka ndi pemphero, alendo anadya nkhuku yawo n'kumapita.

M'mawa mwake ndinamupeza akusesa pabwalo, ntchito imene ndinkamuletsa. Sanandiyang'ane.

"Amayi, ine sindipita. Malowo apatse wina. Ndikangosochera kumeneko, anthu akandiseka."

Ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinamukumbutsa nthungululu zanga, matope a ku Bwanje, zaka zinayi zonyamula ndekha chimanga kupita kuchigayo. Iye anangoima, tsache lili m'manja, misozi ili chuchuchu. Nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti si mwano, mwanayo ankaopa zenizeni. Kunali kutatsala masabata awiri kuti sukulu itsegulidwe, ndipo malo amene anawavutikira zaka zonsezo ankati awataye chifukwa cha mafunso atatu amene ife ntchembere zinayi tinalephera kuyankha. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, m'malo mwake ndinachita mantha inenso.

Ndinawerenga m'mutu anthu onse amene ndimawadziwa, ndipo mkazi amene anapitako kukoleji analipo mmodzi yekha. Anali yemwe uja wa buluku ndi njinga yamoto, mlangizi wa zaulimi wa kusikimu kwathu. Ine ndi iyeyo tinali tisakumwerana madzi. Chaka cham'mbuyo anabwera kumunda kwanga kudzandiuza kuti ndiziwokera mpunga m'mizere, mbande imodzi paphando, ndipo ine ndinamuyankha pagulu kuti mpunga ndinayamba kulima iye asanamere mano. Kuyambira pamenepo ndikamva njinga yake ndinkatembenukira kwina, ndipo pomutchula ndinkangoti kamtsikana kaja.

Lolemba m'mawa ndinagwira tambala, ndinamumanga miyendo, n'kupita kwa mlangiziyo. Njira yonse ndinkayeserera mawu, koma nditafika onse anathawa.

"Zikomo alangizi," ndinatero, koyamba m'moyo wanga kumutchula choncho. "Ndabwera ndi manyazi anga. Mwana wanga wasankhidwa, koma akukana kupita."

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Nditafika pa za apongozi anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo inenso ndinapezeka ndikuseka. Za buluku zokha sindinamuuze.

"Amayi, tambalayo bwererani naye, mukamuphere mwana tsiku lonyamuka," anatero. "Ndibwera masana ano."

Anabweradi. Anakhala ndi mwana wanga pakhonde, mitu ili pamodzi pafoni, ndipo tiyi asanawire dzina linali litalembetsedwa. Anamulembera papepala potsikira basi ndi pokwerera ina. Anaimbira mnzake wina amene ankadziwa nyumba zimene atsikana a sukulu amachita lendi. Kenako anamuuza zinthu zimene ine sindikanazilota.

"Kumeneko kulibe belu, mng'ono wanga, kulibenso wokudzutsa. Ukagona, wagona wekha. M'kalasi uzikhala kutsogolo, ndipo chimene sunamve uzifunsa tsiku lomwelo. Ine sabata yoyamba ndinakhala tsiku lathunthu osadya chifukwa choopa kufunsa kumene amagulitsa chakudya. Ndinkangoyenda ndi mabuku ngati munthu wodziwa kumene akupita, m'mimba muli kulira."

Mwana wanga anaseka, koyamba chichitikireni chilangizo chija. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, khutu lili tcheru. Mlangizi uja anandiitana.

"Amayi, mwanayu anakwerapo minibasi yekha?"

Ndinayankha monyada kuti ayi, sindinalolepo.

"Ndiye mawa apite yekha kuboma ku Dedza. Akajambulitse zithunzi zimene akufuna kusukulu, akachititsenso fotokope mapepala ake."

Ndinakana. Msewu wokwera phiri uja, wokhotakhota, mwana wanga yekha? Iye anangondifunsa mofatsa ngati ndikakhale naye m'kalasi ku Blantyre. Pamenepo ndinalola.

Anapita m'mawa mwake. Ine ndinanama kunyumba kuti ndikukagula tomato, ndipo ndinakhala pa Golomoti tsiku lonse. Tomatoyo ndinamugwira mulu uliwonse osagula, mpaka mwini wake anandipatsa mpando. Galimoto iliyonse yotsika kuphiri ndinkaithamangira. Chakumadzulo ndinamuona akutsika, fumbi mpaka m'nsidze, envulopu ili kukhwapa, jumbo ya mbatata ya kachewere ili m'manja. Sanadabwe n'komwe kundipeza pamenepo, anangoyamba kulankhula osapuma.

"Amayi, ndinasochera! Ndinalowera kuchipatala m'malo mwa kumsika. Ndiye ndinafunsa mayi wina wogulitsa mbatata, anandilozera, mpaka ndinamugula mbatatayi. Wojambula uja anandipatsa zithunzi za munthu wina, ndinamubwezera. Amayi, kani munthu ukafunsa amakuyankha!"

Ndinamukumbatira pakati pamsika, anthu akutiyang'ana. Za kusapita zija sanazitchulenso. Masiku otsala ndinamutuma paliponse: kuchigayo, kumsika, kwa telala kukakangana naye za diresi imene anaichedwetsa.

Azimayi anzanga amene ana awo ali Fomu 3 ndi Fomu 4 amabwera masiku ano kudzandifunsa, ngati kuti ndine katswiri. Ndimawauza kuti mwana awerenge ndithu, koma azimutumanso kutali, asochereko akadali pafupi ndi kwawo. Ndimawauza kuti ntchembere aziitane, thobwa afulule, chifukwa zina zimene azakhali ananena zinali zoona. Koma pamphasapo pakhalenso munthu amene anapitako kumene mwanayo akupita, ngakhale akhale wamng'ono, ngakhale munayambana naye. Ndipo asadikire mayina atuluke ngati mmene ndinachitira ine.

Tsiku lonyamuka tinamuperekeza pafupifupi mudzi wonse. Bambo ake anakankha njinga yonyamula chikwama ndi thumba la mpunga, azakhali akuimba kutsogolo. Pa siteji kondakitala anatenga thumba lija kuti alimangirire kunja, kuchitseko chakumbuyo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyambe, koma mwana wanga anandigwira mkono.

"Achimwene, mpungawo ulowe pansi pa mpando wanga. Mukaumanga kunjako ndikwera ina."

Kondakitala anamuyang'ana, anang'ung'udza, n'kulowetsa thumba lija. Ine ndinali ndi chinsinsi changa: ndinali nditavala zapaulendo, ndipo anthu ali mkati motsanzikana ndinalowa mwakachetechete n'kukhala pambali pa mwana wanga. Ndinati ndingomufikitsa pa Balaka, ndimuone akukwera basi yachiwiri, basi ndibwerere.

Anatembenukira kwa ine. Maso ake anali atafiira, koma mawu sananjenjemere.

"Amayi, tsikani. Mukafika pa Balaka mukati mpaka ku Blantyre, ndipo mukafika ku Blantyre ine ndikalira, ndikabwerera nanu. Ndisiyeni pompano pamene ndikadali wolimba."

Ndinafuna kukalipa, ndinafuna kuseka, ndinafunanso kumugwira osamusiya. Dalaivala anali ataliza kale injini, anthu onse m'minibasi akundiyang'ana. Ndinamukonza kolala ya bulauzi, imene inali yokonzeka kale, ndipo ndinatsika.