Masensa a ku Al Messila

Umaru Chikwenga kwawo ndi ku Ntaja, komwe ankadziwika ndi dimba la anyezi. Ku Doha anapeza ntchito yosamalira maluwa pa mpanda wina wa nyumba khumi ndi ziwiri ku Al Messila. Kumeneko nthaka ndi mchenga wokhawokha, ndiye eni mpandawo anaitana kampani kuti idzakwirire masensa makumi anayi, tizipangizo toyeza chinyezi. Kalikonse kankatumiza nambala yake pa netiweki kupita ku kabokosi ka pa geti, ndipo kabokosiko ndiko kankatsegula mipopi.

Kolona itavuta mu 2020, amisiri analetsedwa kulowa mumpandamo. Mabatire a masensawo anayamba kutha msangamsanga, masensa ena kungoti zii, kapinga n'kumapsa. Kampani inauza injiniya wake, Callista Zulu wa ku Chipata, kuti azimulangiza Umaru pa foni. Anayamba ndi Chingerezi, mpaka Umaru anapunthwa pa paipi n'kukuwa kuti, "Mayo ine!"

Callista anaseka. "Kani ndinu akwathu? Tiyeni tilankhule zomveka, achimwene."

Kwa milungu itatu Umaru ankazungulira m'mawa uliwonse ndi kope, kulemba manambala. Tsiku lina anati, "Alongo, pali chimene chikundidabwitsa. Tinayi ta pansi pa mtengo wa nimu timanena zofanana. Kena kakati sate, tinzake timati sate kapena sate wani. Nanga tonse tikuwirenji mpaka ku geti, n'kumatha mabatire? Bwanji kamodzi kazinena nambala yonse, tinato tizingonena pamene tasiyana nako? Takutalito tizipatsira tapafupi, uthenga uziyenda pang'onopang'ono."

Callista anadabwa.

"Mwawerenga kuti zimenezi?"

"Kuwerenga kuti, alongo? Ine sukulu ndinalekeza Folomu 2. Ndangoziona m'kopemu."

Callista anamufotokozera kuti ku yunivesite anaphunzira zomwezo chaka chathunthu: kufupikitsa mauthenga ofanana, ndi kusankha njira yoti adutse. Koma anamuchenjeza kuti kachipangizo konyamula mauthenga a tinzake ndiko kadzayambe kufa, ndipo kakafa, zonena za tinato sizidzamvekanso. Umaru anaganiza masiku awiri, n'kuimba foni ali thukuta kamukamu.

"Tizilandizana. Lero aka, mawa kanzake."

Callista anakonza pulogalamu ali kunyumba kwake, Umaru n'kumafukula masensa ndi kuwakwirira pena, dzuwa likuswa mtengo. Mabatire amene ankatha pa milungu itatu anayamba kufika miyezi inayi. Kapinga anaphukanso.

Chakumapeto kwa chakacho lamulo linasintha, wantchito anayamba kuloledwa kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wake. Callista anamuuza kuti kampani ikufuna mmisiri. Umaru anachita mantha. Anati ankaona ngati akalowa mu ofesi anthu amuseka manja, poti anali ong'aluka ndi dothi.

"Manja omwewo ndi amene tikuwafuna," anatero Callista. "Yalla, tiyeni, bwerani Lachiwiri."

Anabwereka shati kwa mnzake Suleman, nakwera basi kupita ku ofesi ya kampaniyo m'dera la Old Airport. Pakhomo anapeza mayi wamfupi atavala masiki, maso akumwetulira. Anazindikirana ndi mawu. Kugwirana chanza kunali koletsedwa, ndiye Umaru anangoika dzanja pamtima, Callista n'kuwomba m'manja pang'ono ngati kwawo.

Ntchito anaipeza, ndipo anagwira limodzi ndi Callista zaka ziwiri m'mafamu a kumpoto kwa mzindawo. Kontirakiti ya Callista itatha, akubwerera kwawo ku Chipata, Umaru anamupatsa kaphukusi ka nsalu ndi zipatso za tende kuti akakatumize pa basi kwa mkazi wake, Sakina. Callista sanakatumize. Anawoloka yekha pa Mchinji, nakakumana ndi Sakina ku depoti ya Lilongwe. Anakhala pa benchi mpaka basi ya Sakina itadzaza, Callista akumuuza mmene mwamuna wake akukhalira, zimene amadya, ndiponso kuti wayamba imvi pang'ono chakumakutu.