Nsagwada ya Kalaliki

Ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, msana unandikaniza kukonola. Amuna anga, kalaliki wa ku Capital Hill, anandimvera chisoni. Loweruka lina anadzitsekera m'khitchini kwathu ku Area 15, kuopa kuti anthu angaone mwamuna akusinja, n'kugwira munsi. Munthu wozolowera cholembera uja anasuzumira mumtondo kuti aone ngati gaga akuchoka, munsi uli kukwera. Unawapeza pansi pa chibwano.

"Ndi dzino chabe," anatero, atagwira tsaya.

Dzino lanji? Pomwa tiyi ankadontheza pa tayi osamva, chifukwa mlomo wam'munsi unachita dzanzi. Akatseka pakamwa, mano sankakumana, ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Ndinkaseka, koma Lachiwiri kuseka kunandithera. Anabwera n'kundiuza kuti m'basi ya kuntchito palibe amene anakhala nawo pampando. Masiku amenewo nkhope yotupa inkatanthauza kuti munthu wamenyedwa chifukwa wapezeka wopanda khadi la chipani, kapena walankhula zosayenera. Wotereyo anzake ankamuthawa, ndipo ntchito sinkachedwa kutha. Ndinachita mantha kwambiri.

Ndinawakokera kuchipatala. Dokotala anawapapasa kuyambira kukhutu mpaka pachibwano, n'kuwapatsa kathabwa kuti alume. Analephera, misozi ili lengelenge. Ekisire inaonetsa kuti nsagwada yathyoka. Dokotalayo anatseka chitseko n'kufunsa chapansipansi kuti, "Anakumenyani ndani, bambo?"

Amuna anga anangoyang'ana nsapato zawo.

"Munsi, adokotala," ndinayankha ine. "Amandikonolera chimanga."

Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Amuna anga anapempha kuti m'kalata yopita kwa abwana alembe kuti anagwa panjinga.

"Aliyense womenyedwa amati anagwa panjinga," anatero dokotala. "Palibe angakhulupirire. Koma za munsizi, palibe mwamuna angadzinamizire." Analemba zoona zokhazokha.

Atamangidwa mano ndi mawaya, amuna anga anabwerera kuntchito atanyamula kalatayo ngati khala lamoto. Pofika masana nkhani inali itazungulira maofesi onse. Madzulo ndinaima panja kudikira basi. Isanaime n'komwe ndinamva phokoso: amuna odzaza basi akuseka, wina akuyerekeza kusinja ndi ambulera, awiri atapanikizana pampando umodzi ndi amuna anga. Iwo anatsika atakwiya, osatha kuyankha chifukwa cha mawaya. Ine ndinakhala pansi pakhonde n'kulira. Munthu amene atengedwe ndi apolisi mawa, anzake samuseka.