Ndani Agwira Mbali Inayo?

Ozella Whitlow anabadwira m'munda wa thonje wa mzungu, kummwera kwa Georgia, ndipo mayi ake ankati mwanayo analira mokweza mpaka bulu wolima anaima pamzere. Sukulu anangoilawa. Moyo wake wonse ankachapa ndi kusita zovala za azungu a m'tauni ya Tallow Creek, mpaka manja anakakala ngati khungwa. Koma Mulungu amene anamumana zambiri sanamumane pakhosi.

Kutchalitchi chawo cha matabwa kunalibe mabuku a nyimbo, ndipo akanakhalapo owerenga akanachepa. Choncho munthu mmodzi ankadzutsa nyimbo poponya mzere, wa besi n'kuulandira pansi, kenako mpingo wonse n'kuthira mang'ombe. Malamulo analipo awiri, ndipo mwana aliyense ankawayamwira kubere. Nyimbo ikadzutsidwa sigwetsedwa, zivute zitani. Ndiponso gawo la munthu ndi lake: mwiniwake ali moyo, wina salikhudza. Akadwala kapena akapita ulendo, pamalo pake anthu ankangoponda phazi pansi, di! di! n'kupitiriza. Gawo linkalowedwa ndi ena pokhapokha mwiniwake akamwalira.

Wodzutsa nyimbo anali Ozella. Wa besi anali Cleophus, chimphona chocheka matabwa, amene mawu ake ankanjenjemeretsa magalasi a nyali. Nyimbo yawo yaikulu inali ya makolo, ya nthawi ya ukapolo. Ozella ankaponya kuti, "Mtolo wanga ngolemera, ndani agwira mbali inayo?" Cleophus n'kuyankha kuchokera pansi pa mimba, "Ndagwira, ndagwira." Anayankhizana choncho mpaka akuluakulu a mpingo anatopa nawo n'kuwauza kuti angokwatirana. Ana awo atakula anathawira kumafakitale a ku Detroit, awiriwo n'kutsala akukangana m'khitchini ngati anakumana dzulo.

"Mawu anuwo, bambo, ndi a ng'ombe yodzimbidwa," ankatero Ozella.

"Ng'ombeyo munaitsatira nokha, mayi. Panalibe anakumangani chingwe."

M'chaka cha 1963 kunabwera ophunzira a kukoleji kudzalimbikitsa anthu akuda kuti akalembetse kuvota. Anaphunzitsa anthu kugona pansi pomenyedwa, kuphimba mutu ndi manja, osabwezera ngakhale mbama. Koma mantha sachoka ndi maphunziro. Chimene chinkaimika miyendo ya anthu pamaso pa agalu chinali nyimbo, ndipo Ozella anaisoka mawu atsopano monga ankasokera zigamba: mtolo uja tsopano unali ufulu. Akaidzutsa pamsewu, ngakhale nkhalamba yonjenjemera inkaponda ngati msilikali.

Loweruka lina anthu akuguba kupita kubwalo la milandu, wapolisi wina anayamba kukwapula gogo wina ndi chibonga. Anamumenya pamutu, gogoyo n'kugwa, iye osaleka. Cleophus anaiwala zonse za ophunzira zija. Anamunyamula wapolisiyo ngati thumba la utuchi n'kumuponya m'ngalande. Sanamumenye ayi, koma ku Tallow Creek munthu wakuda wokhudza wapolisi wachizungu sankafika pamaso pa woweruza ali wamoyo. Aliyense ankadziwa zimenezo.

Anthu a mpingo anamubisa Cleophus m'dziwe la ubatizo, dzenje louma limene linali pansi pa matabwa a guwa. Mwini kampani ya maliro analonjeza kuti Lolemba adzamutulutsa m'boma la Georgia atagona m'bokosi. Chofunika chinali kungofika Lolembalo. Lamlungu m'mawa Ozella anam'tsitsira mkate wa chimanga ndi nkhuku yokazinga, atagwada pamphepete pa dzenjelo.

"Tamverani, bambo inu. Masana kuli msonkhano pamwamba panu pomwepa. Pakamwapo mutseke. Mukangotsokomola, ndikusitani lilime ndi simbi yamoto."

"Ine kuyimbira m'dzenje, ndine chule? Bwezerani matabwa, mayi, mukundilowetsera fumbi m'nkhuku."

"Ndikunena zoona, Cleophus."

"Ndamva, mayi. Ndakhala mwala."

Masana tchalitchi chinadzaza, kutentha ngati mu uvuni. Abusa ali pakati polankhula, chitseko chinatseguka ndi chidendene cha nsapato. Analowa Stroud, mkulu wa apolisi, chipewa chili kumutu, ndudu ili pakamwa, m'nyumba ya Mulungu! Pambuyo pake panali anyamata ake ndi zibonga, ndi galu wamkulu pa unyolo. Kunyumba kwa Cleophus anali atagwetsa kale zitseko. Tsopano anayenda pakati pa mabenchi pang'onopang'ono, n'kukaima pamatabwa a guwa, pamwamba penipeni pa munthu amene ankamufunayo.

"Chinyama chija chili kuti? Ndifunsa kamodzi."

Ana anayamba kulira, amuna ena akuyang'ana kumawindo. Ozella anaona kuti pangotsala pang'ono kuti wina athawe, ndipo mmodzi akathawa onse amwazika, galu n'kumasulidwa pa ana. Anachita chimene ankachita nthawi zonse apolisi akafika. Anaimirira n'kuidzutsa.

"Mtolo wanga ngolemera, ndani agwira mbali inayo?"

Di! di! anayankha mapazi pamalo pa Cleophus. Mpingo unathira mang'ombe, ndipo amene ankayang'ana kumawindo aja anakhazikika. Stroud anafiira khosi lonse.

"Iwe mtsikana, tseka kukamwako!"

Mtsikanayo anali mayi wa imvi, amene anachapapo matewera a Stroud yemweyo. Anamuyang'ana m'maso n'kuponya mzere wachiwiri, mokweza kuposa woyamba. Chibonga chinamupeza pakamwa mzere uli pakati. Mano anadumphira pansi. Chachiwiri chinatera paphewa, iye n'kugwera pakati pa mabenchi, magazi akutsikira pa diresi loyera la Mgonero. Wapolisi wina anamuponda m'nthiti, kawiri, katatu, kumveka ngati akuponda dengu.

Nyimbo inatsala m'malere. Gawo la Ozella palibe akanalikhudza, poti mwiniwake anali akupuma pomwepo, ndipo mapazi onse anauma ndi mantha. M'tchalitchi chimene nyimbo inali isanagwepo chimangidwire munati zii, kungomveka galu akupuma wefuwefu.

Ndiye matabwa ananjenjemera pansi pa nsapato za Stroud.

"Ndagwira, ndagwira."

Anthu akhala akukangana mpaka lero. Ena amati pakamwa pa Cleophus panangotseguka pokha, monga panazolowera kuyambira unyamata. Ena amati anamva nthiti za mkazi wake zikuphwanyika n'kusankha dala. Ozella, ali gone m'magazi, anayesa kukuwa kuti khalani chete, chitsiru inu, koma m'kamwa munangotuluka thovu lofiira.

Apolisi anakanganula matabwa. Galu analowa m'dzenjemo poyamba. Pomutulutsa, mkono wa Cleophus unali nyama yokhayokha, koma sanaleke kuyimba, ndipo mpingo, ukulira, unamuthirira mang'ombe. Apolisiwo anamumenya pakhosi ndi thako la mfuti, n'kumukhwekhwereza ndi miyendo, mutu ukugunda masitepe. Amuna onse amene anaima pakhomo anawaswa mitu n'kuwakankhira m'lole limodzi naye.

Kutacha, Ozella anadzuka pabedi la mlongo wina wa mumpingo, nsagwada itamangidwa ndi nsalu. Anzake anamuletsa kutuluka, koma kuletsa Ozella kunali kutaya mpweya. Anayenda mopendekera mpaka kupolisi, amayi ena akumuchirikiza. Wa pakhomo anaseka.

"Alendo saloledwa. Mwamuna wako ali bwino, akudya za boma."

Ozella sanakangane naye. Anazungulira kuseri, kumene chitokosi cha amuna akuda chinali ndi kawindo ka zitsulo pamwamba pa khoma. Iye anali ndi njira yake yofunsira. Cleophus akakhala ndi mphamvu, ayankha yekha. Akakhala wovulala koma wamoyo, anzake aponda mapazi. Anamasula nsalu ija, n'kumeza magazi, n'kuidzutsa ndi kamwa lophwanyikalo.

"Mtolo wanga ngolemera, ndani agwira mbali inayo?"

Anatchera khutu kukhoma. Anapempha Mulungu mapazi okha, sanapemphe zambiri. Kenako anamva mwamuna mmodzi akukonza pakhosi. Anali Mbale Lucius, dikoni wa mawu opyapyala ngati a mbuzi, akuyesa kuwatsitsa pansi pamene sangafike. Wina anamuthandiza, kenaka wina, mpaka chitokosi chonse.

"Ndagwira, ndagwira."

Amayi aja anayamba kugwa pansi ndi kulira. Ozella anagwira khoma ndi manja onse awiri. Chisoni chinamufinya pachifuwa kuposa nsapato ya wapolisi. Koma nyimbo inali itadzutsidwa, choncho anaponya mzere wachiwiri, ndi wachitatu, mpaka kumapeto kwake. Apo m'pamene anakhala pansi m'fumbi. Apolisi anadzalengeza kuti womangidwayo anagwa pamasitepe, m'nyumba yopanda chipinda cham'mwamba. Palibe anaimbidwa mlandu. Bokosi lija linamunyamulabe Cleophus Lolemba lomwelo.

Ozella anakhala moyo mpaka ukalamba weniweni. Anavota, ndipo chisankho chilichonse ankafika woyamba, atavala chipewa cha kutchalitchi. Ophunzira ankabwera ndi makina ojambulira mawu kudzamufunsa za mphamvu ya nyimbo pa nkhondo ya ufulu. Iye ankawapatsa tiyi wozizira n'kuwayankha mosanyengerera.

"Inatiimika pamsewu, n'zoona, mwanangu. Inandidyeranso mwamuna. Zonse ziwiri ulembe."

Lamlungu lililonse ankaidzutsabe, mawu akuthawira m'mipata ya mano. Amuna a mpingo ankayankha gawo la besi, monga lamulo linkawalolera. Koma amene ankakhala naye pafupi ankamva chinthu china pansi pa benchi. Amuna aja akamayimba, phazi la Ozella linkaponda lokha pamatabwa, di! di! monga amachitira kwa munthu amene wangopita ulendo.