Galimoto Imene Inadya Nyumba Yathu

Gudumu lalikulu la kunsi kwa makina anga osokera, lija lozunguza lamba, lili ndi timabowo timene sanaboole a ku fakitale. Makasitomala akafunsa ndimangoti n'lakale. Zoona zake n'zakuti gudumuli linakhalapo chiwongolero cha galimoto, m'chilimwe china ku komboni ya Chawama, ine ndili kamtsikana ka giredi folo.

Zinali zaka zija za mizere. Ufa mzere, sopo mzere, mafuta ophikira mzere, ndipo nthawi zina unkafika kutsogolo n'kupeza kuti tsiku lonse umaimira makandulo. Kampani imene atate ankaperekera makalata inatsekedwa, ndipo powatsanzika inangowasiyira njinga yamoto imene ankayendera. Njingayo ndinkaidziwa kulira kwake isanakhote n'komwe pamsika: inkatsokomola kawiri, kenako n'kuyamba kung'ung'udza. Koma chaka chimenecho amene ankatsokomola anali atate, ndipo njinga inangokhala m'nyumba itafundidwa chiguduli. Tinkadya za m'makina a amayi, amene ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde.

M'komboni mwathu mwamuna akamwalira, abale ake ankabwera kudzasesa katundu. Ndinaziona ndi maso anga kwa aneba: anatulutsa mipando, mbale, ngakhale chitseko cha kuchipinda, mayi wamasiye atakhala pa saka. Ndinaonerera ngati mmene tinkaonerera ndewu, osaganiza kuti zoterezi zingagogode kwathu. Amayi ndiwo ankaganiza. Makina awo anawagulira ndi atate, choncho kwa abale a atate anali katundu wa m'bale wawo basi. Atate aakulu, mkulu wawo wa atate, anayamba kubwera Lamlungu lililonse kuchokera ku Matero kudzazonda matenda. Odwalawo ankawaona pang'ono. Maso awo ankathera pa njinga ndi pa makina.

Kenako kunafika amalume, mlongo wawo wa amayi, owotcherera zitsulo amene ntchito inawatheranso. Anabwera ndi chithunzi chimene aphunzitsi athu, anzawo a atate, anang'amba pa kalendala yakale: kagalimoto ka azungu a makedzana, kopanda denga, matayala awiri kutsogolo limodzi kumbuyo, mchira wosongoka. Aphunzitsi anati kumaiko akunja galimoto zotere zimabwera m'bokosi zili zidutswazidutswa, mwiniwake n'kulumikiza yekha pakhomo. Amalume anaseka. "Ise bokosi yathu ni ino nyumba," anatero. Nane ndinaseka nawo, kupusa kwangako.

Anayambira pa njinga. Anaimasula kuseri kwa nyumba atatchinga ndi masaka, injini uku, tayala lakumbuyo uku. Kenako bedi lachitsulo la atate linatuluka n'kudulidwa kuti likhale chimango, odwala n'kutsikira pansi pa matiresi. Migolo yathu yosungira madzi inasulidwa n'kukhala thupi la galimoto, makhushoni a sofa n'kukhala mpando. Matayala akutsogolo okha ndiwo anachokera kunja, kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Amalume ankawotcherera ndi mpweya wa kabaidi, ndipo fungo lake, longa la adyo wovunda, linalowa m'zovala, m'tsitsi, ngakhale m'ndiwo. Pobwera kusukulu ndinkayamba ndayang'ana chimene chasowa m'nyumba tsiku limenelo.

Amalumewo ndinawada, ndinene mosabisa. Ndinkaona munthu wandevu akusewera galimoto za mawaya, koma ndi katundu wathu. Chondiwawa kwambiri chinali chakuti atate sankaletsa. Ankapempha kuti awanyamulire panja, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, n'kumaloza ndi chala chowonda pamene paikidwe bawuti. "Fulumizani, ba mulamu," ankangotero. Mpando anayeza okha ndi chikhatho chawo: apa woyendetsa, apa amayi, apa kampata kanga. Ndinayang'ana n'kuona kuti masamu alakwika.

"Nanga imwe batate muzankala pati?"

"Ine nayenda maningi, mwana wanga," anayankha, chifuwa n'kuwadula mawu. Ndinangoti matenda awasokoneza poyeza.

Lamlungu lina atate aakulu anapeza pokhala njinga pali chiguduli chokha. Atate anati a kampani anadzaitenganso. Mkulu wawo anatuluka panja. Anazungulira kuseri, n'kuima patsogolo pa chinthu chija. Injini inali itabisika kale m'malata ndi kupakidwa penti yakuda. "Mulamu, ni vichani ivi? Wilibala?" anawafunsa amalume, n'kuseka mpaka kugwira pamimba. Koma pochoka anandiitanira pambali, n'kundipatsa switi, chinthu chimene ndinali nditaiwala kukoma kwake.

"Iwe sunama. Njinga ya batate bako ili kuti?"

Ndinkadziwa, ndipo ndinkalakalaka kunena kuti amalume athane nazo. Mawu anali atafika kale pakhosi. Amayi anaima pachitseko, ulusi uli pakamwa, osaphethira. Ndinati anatenga a kampani. Sichinali chifukwa cha nzeru ayi. Sindikanatha kungowapanga atate kukhala abodza pamaso pa mkulu wawo. Switi ija inandisungunukira m'manja.

Makina anapita pomaliza, sabata imene atate anasiya kudya. Anamasula ndi amayi okha, osalola wina kugwira. Mutu wake anaukulunga m'chitenje n'kuuika m'bokosi la kunsi kwa mpando, amalume n'kumanga mabawuti. Miyendo yake yachitsulo inalowa kunsi kwa galimoto, chopondera chinakhala poika mapazi, gudumu lija n'kubooledwa kukhala chiwongolero. Ndinalira ndi mkwiyo, n'kuwafunsa amayi kuti tidya chiyani tsopano. Anandiyang'ana ngati akufuna kunena zambiri. "Va mu nyumba sivikambiwa panja," ndi zokhazo zimene ananena. Ofunsa ankauzidwa kuti makina anapita ku mankhwala.

Atate anamwalira mvula isanagwe. Maliro atatha, abale awo anabwera ndi kalole kobwereka. Anakweza kabati, wailesi, mapoto, matiresi amene atate anaferapo, sofa yopanda makhushoni. Amayi anakhala pa saka pakhonde, atavala zakuda, maso ali pansi. Atate aakulu anakwiya poona kuchepa kwa katunduyo. Anagwedeza zikho, anasuzumira kudenga, kenako anazungulira kuseri, ife tonse tikuwatsatira. Anakwera m'galimoto ya amalume n'kukhala pampando, pamwamba penipeni pa mutu wa makina, manja ali pa gudumu la amayi.

Akazi awo, amayi aakulu, anayandikira. Nawonso anali atasokapo pa utsikana wawo. Ndinaona chala chawo chikutsata kamsewu ka m'mphepete mwa gudumu, modutsa lamba muja, mpaka kuzungulira konse. Anatukula mutu n'kuyang'ana amayi nthawi yaitali, amayinso n'kuwayang'ana.

"Tsikani imwe," amayi aakulu anauza amuna awo. "Muzadetsa suti na dzimbiri ya vinsimbi va bene."

Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo, kapena anadziona okha atakhala pa saka tsiku lina. Mbale zathu anatenga ndithu, ndi masipuni omwe.

Atate aakulu anatsika akupukuta thalauzi, koma anali asanakhutire. "Ilizeni tione," anatero. Galimotoyo inkatha kulira, ndipo petulo analipo m'botolo la m'chikwama cha amalume. Koma kulira kwa njinga ya atate kunkadziwika ndi Chawama yonse, ndipo mkulu wawo anali atakwerapo kumbuyo kwake kambirimbiri. Amalume, munthu wonyadira manja ake, anakanda mutu ngati chitsiru. "Siilila, ba mulamu. Yanikanga. Ni yokankha chabe." Anthu anaseka. Atate aakulu anawauza kuti achotse zinyalala zawo mwini nyumba, amene tinkamulipira lendi, asanatseke.

Tinaikankha choncho masana, komboni yonse ikuonerera. Anandikhazika pa chiwongolero, amalume akukankha kumbuyo, amayi pambali ndi zakuda zawo. Ana ankatithamangira akuimba za galimoto yopanda injini. Azimayi a pampopi anaika ndowa pansi, ena akuseka, ena atagwira pakamwa. Matayala ankatitimira mu fumbi, ndipo tikagunda dzenje ndinkamva mutu wa makina ukugogoda kunsi kwanga. Ndinkangocheuka kuona ngati kalole kaja kakutitsatira. Amalume sanadzutse mutu, thukuta likudontha pachibwano.

Titadutsa msika, n'kufika pa msewu wa tala patali ndithu ndi kwathu, amalume anaima. Anayang'ana kumbuyo, n'kuthira petulo uja, n'kuponda choliza injini. Injini inatsokomola kawiri, kenako n'kuyamba kung'ung'udza. Ndinatembenuka msangamsanga kuyang'ana kumsika, mmene ndinkachitira madzulo aliwonse podikira atate. Amayi, amene sanagwetse msozi pamene katundu ankatuluka, anagwada pamsewu pomwepo n'kulira mokweza, atagwira malata a migolo yawo.

Tinakwera kupita ku Chazanga, kumene amalume anali ndi kachipinda. Kumeneko makina analumikizidwanso mawa lake, ndipo makinawo ndi amene anandiphunzitsa sukulu mpaka kumaliza. Koma pa ulendo umenewo ine ndinkaganiza za mpando. Amalume anakhala malo awo, amayi malo awo, ine m'kampata kanga, osapanikizana, osatsala mpata. Mphepo inkandimenya kumaso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chilimwe chonsecho ndinasangalala.

"Ba mayi, onani, takwana bwino!" ndinafuula. "Mwayi kuti batate banalakwisa kupima."

Amayi anangoyala chikhatho chawo pa khushoni, pakati pa iwo ndi ine, n'kuchisiya pomwepo mpaka ku Chazanga. Ine ndinkayesa kuti akugwirira makina asagogode. Sindinkadziwa kuti munthu angayeze mpando wa banja lake bwinobwino, dzuwa likuwala, mwana wake akuonerera, n'kudzichotsapo yekha.