Mikanda ya m'mwendo wa ambuya

Tinali kupalira mtedza m'mawa umenewo, kumudzi kwathu kufupi ndi malire a Mozambique. Munali mu 1990, nkhondo ya kumeneko isanathe. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ambuya ndiwo ankandilera chimwalirireni amayi.

Mfuti zinayamba kulira chakudambo. Amalume anaponya khasu pamzere n'kubwerera kukatsegulira ng'ombe. Ife tinathamangira kuthengo.

Chipolopolo chinawapeza ambuya kumunsi kwa bondo n'kuthyola fupa. Sanakuwe. Anangondifunsa ngati ndatola khasu la amalume lija. Ndinali nalo.

Anthu anawanyamulira pachitseko mpaka kumsewu. Lole ya chimanga inatifikitsa kuchipatala chachikulu.

Kumeneko analumikiza fupalo ndi chitsulo, koma bala linayamba kununkha. Dokotala anati mafinya akapitirira, adula mwendo. Anafuna kuika m'balamo, pambali pa chitsulo, timikanda toyera totungidwa pawaya, totulutsa mankhwala pang'onopang'ono pamalo pomwepo.

Ambuya anakana. Iwo anatentha zithumwa zawo zonse tsiku limene anabatizidwa. Mikanda yobisa m'thupi, kwa iwo, inali chithumwa basi.

Nesi wina wochokera ku Luapula, wa Chinyanja chodukaduka, anabwera ndi kamkanda kamodzi m'mbale.

"Amama, aka ndi jekeseni chabe. Kungoti kamagona komweko."

"Mulibe mizimu?"

"Mzimu uti ungapirire fungo la wodi ino?"

Ambuya anakanunkhiza kamkandako, n'kundipatsa. "Iwe mwana wosalankhula, umaona zonse. Ukuti bwanji?"

Ndinayang'ana zala za phazi lawo. Chala chachikulu chinali chikadali ndi dothi la kumunda m'chikhadabo. Ndinati ndikufuna adzandiperekeze kusukulu wapansi.

Anavomera tsiku lomwelo.

Kamkanda kamodzi kanatsala kunja kwa khungu. M'mawa uliwonse nesi uja ankakoka wayayo pang'ono kuti mikanda izituluka umodziumodzi, ine nditagwira phazi. Ambuya ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, mwina kuti Mulungu aone kuti sakubisa kanthu. Fungo linatha mikanda isanathe.

Kumudzi sitinabwerere. Tinatsikira kuno kuchigwa, kwa mng'ono wawo wa ambuya amene ankalima thonje ku Nsefu. Galimoto inatisiya pa Mambwe. Chigawo chomaliza cha ulendo ambuya anakana njinga. Anayenda ndi ndodo, akupuma pamthunzi uliwonse, pa miyendo yawo iwiri.

Khasu lija ambuya analiimika kuseri kwa chitseko. Sanalole aliyense kulimira. Mpini wake unafumbwa likudikirabe amalume.