Chiwindi cha Mbuzi Lachiwiri Lililonse

Matenda angawa ndi akumtundu. Thupi langa silitaya mkuwa umene umapezeka m'zakudya, ndiye umaunjikana m'chiwindi. Adokotala anandipatsa mapiritsi akumwa moyo wonse, n'kundiletsa chiwindi cha nyama, bowa ndi mtedza wambiri. Mtedza, ine mwana wa ku Dowa! Ndinalira ngati pamaliro.

Nditatengedwa kupita kwawo kwa amuna anga ku Ntchisi, sipanapite nthawi ndinaima. Adokotala ananenetsa kuti mapiritsi osadumphitsa, zakudya zija osayerekeza, chifukwa ndikagwa ine, mwanayo sapulumuka.

Amuna anga anakafotokozera mayi awo. Koma abambo kufotokoza nkhani, inu! Apongozi anangotolapo mawu amodzi: chiwindi. Lachiwiri, tsiku la msika, anatsika phiri n'kubwera ndi chiwindi cha mbuzi, n'kuchikazinga ndi anyezi, fungo mudzi wonse.

"Chiwindi chikafooka timachilimbitsa ndi chiwindi chinzake," anatero. "Idyani mayi, muonjezere magazi."

Mtengwa angabweze bwanji mbale ya apongozi? Ndinagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kulowa nayo m'nyumba. Amuna anga anaipukuta. Lachiwiri linalo chimodzimodzi. Pofika miyezi isanu, masaya awo anali atatuluka, kamimba katsogola. Amayi pachitsime ankandifunsa kuti, "Kodi woyembekezera ndi uti pakhomo panupa?"

Tsiku lina apongozi anabwerera chivindikiro chimene anaiwala, n'kupeza mwana wawo akunyambita zala. Sanakalipe. Anangonyamula mbale yawo, masiku atatu osandiyankhula. Zinandipweteka kwambiri, poti mayiwa ndimawakonda.

Ndinawapempha kuti andiperekeze kusikelo. Anamwino anawafotokozera mofatsa kuti m'chiwindi cha nyama ndi momwe mkuwa umachuluka zedi. Apongozi anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye ndimakupatsani chiphe ndi manja angawa?"

Kuyambira tsiku limenelo anasanduka apolisi. Analetsa bowa pakhomo ponse, ngakhale kwa anthu osadwala. Dzuwa likangotuluka, mawu pawindo: "Mwamwa?" Mwana wawo uja anaphwa msangamsanga.

Ndinachira nyengo yothyola fodya, mwana wamkazi wamawu akuluakulu. Anamwino atalowa naye, ndinkati apongozi amulanda n'kuyamba nthungululu, paja anali mdzukulu woyamba. Ayi ndithu. Anamulambalala mwanayo, kubwera pabedi panga, n'kundikweza zikope kuti aone ngati maso sanachite chikasu.

"Mwanayo ndimuona bwino," anatero. "Ine miyezi yonseyi ndimaopera inu."